Gaokao, IELTS, TOEFL, Cambridge kapena Duolingo: mayeso ati a Chingerezi oyenera mwana wa sekondale ku China?

Mtsikana wina wa zaka 17 amene ndinkamuthandiza Chingerezi ankapeza malikisi opitirira 130 pa 150 m'mayeso oyeserera a kusukulu kwawo ku China. Ndime yoti ine mphunzitsi ndiiwerenge kawiri, iye ankangoidutsa kamodzi n'kuimva. Galamala ankaidziwa ngati dzina lake. Koma tsiku limene ndinamupempha kuti andifotokozere m'Chingerezi zimene anadya m'mawa, anazyolika, milomo ikunjenjemera, mawu osatuluka. Anzathu a ku China ali ndi dzina la vutoli. Amati yaba Yingyu, kutanthauza Chingerezi chopanda pakamwa. Mayi ake anandifunsa funso limene makolo ambiri kumeneko amafunsa: "Aphunzitsi, ndiye mwanayu Chingerezi amachidziwa kapena sachidziwa? Nanga timulembetse mayeso ati kuti tidziwe zoona zake?"

Yankho langa linali lakuti palibe mayeso amene amayeza "Chingerezi" chonse ngati mmene sikelo imayezera thumba la chimanga. Mayeso aliwonse ali ndi khomo limene amatsegula, ndipo amayeza zimene mwini khomolo akufuna. Choncho musanafunse kuti mayeso abwino ndi ati, yambani mwadziwa kumene mwanayo akulowera. Amene tinakulira pa MSCE nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Timadziwa kuti ukalephera Chingerezi satifiketi palibe, komanso timadziwa anthu amene anakhoza bwino pepalalo koma kuyankha foni m'Chingerezi kumawatulutsa thukuta.

Ku China mwana amaphunzira zaka 6 ku pulayimale, zaka 3 ku sekondale yoyamba yotchedwa chuzhong, ndi zaka 3 ku sekondale yomaliza yotchedwa gaozhong. Kuyambira mu 2001 boma linalamula kuti Chingerezi chiziyamba m'kalasi lachitatu la pulayimale, ngakhale m'mizinda ikuluikulu ambiri amayamba kale. Panjira yonseyi pali mayeso awiri a boma amene mwana wotsata sukulu za boma sangawazembe, ndiye pali ena akunja amene makolo amalipira okha.

Zhongkao, chipata choyamba

Mayeso a zhongkao amalembedwa mu June pomaliza chuzhong, mwana ali ndi zaka pafupifupi 15. Sakonzedwa ndi dziko lonse pamodzi, chigawo kapena mzinda uliwonse uli ndi ake, n'chifukwa chake Chingerezi kwina chimakhala cha malikisi 100, kwina 120, kwina 150. Ndiwo amagamula ngati mwana apita ku gaozhong yamaphunziro wamba, ndi gaozhong yake iti, kapena ku sukulu ya ntchito zamanja.

Chimene chimandisangalatsa pa zhongkao n'chakuti m'madera ena yapita patsogolo pa nkhani ya kulankhula kuposa mkulu wake gaokao, mayeso olowera ku yunivesite. Ku Beijing, pa malikisi 100 a Chingerezi, 40 amachokera ku mayeso omvetsera ndi kulankhula a pa kompyuta. Mwana amavala mahedifoni, amawerenga ndime mokweza, amayankha mafunso, amafotokozanso nkhani imene wangoimva. Ku Jiangsu, ku Shanghai ndi ku Guangzhou kulinso zofanana nazo. Kompyuta si munthu, simakudula mawu, simakufunsa kuti "ukutanthauza chiyani?", ndipo ana amaphunzira msanga kalankhulidwe kamene makinawo amakonda. Komabe mwana amene akudziwa kuti pakamwa pake pali malikisi amayamba kuyeserera, ndipo mphunzitsi amapatula nthawi yake. Kunja kwa mzinda umene walembera, zotsatira za zhongkao zilibe ntchito ina iliyonse.

Gaokao

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa pomaliza gaozhong ana ambiri a ku China adzayesedwa Chingerezi chawo ndi mayeso awa basi. Gaokao ndi mayeso olowera ku yunivesite. Anayambiranso mu 1977 atayimitsidwa kwa zaka pafupifupi khumi, masiku ano amayamba pa 7 June, ndipo mu 2024 analembetsa anthu 13.42 miliyoni. M'zigawo zambiri malikisi onse ndi 750, ndipo 150 mwa amenewa ndi a chilankhulo chakunja, mofanana ndi masamu komanso Chitchaina. Taganizirani: gawo limodzi mwa magawo asanu a tsogolo la mwana lagona pa pepala la maola awiri.

Pa pepala latsopano limene zigawo zambiri zikugwiritsa ntchito, kumvetsera kuli ndi malikisi 30, kuwerenga 50, kudzaza mipata ndi galamala 30, kulemba 40. Mawu amene mwana amayenera kuwadziwa ndi pakati pa 3,000 ndi 3,500. Gawo lolemba lili pawiri. Choyamba ndi kalata kapena chidziwitso chachifupi cha mawu ngati 80, ndipo nthawi zambiri wophunzira amauzidwa kuti ayerekeze kuti iye ndi Li Hua, mwana wasukulu wongopeka amene amalembera mnzake wakunja. Mibadwo ya ana a ku China yalemba makalata a Li Hua osayankhidwa. Mu January 2025, anthu ambiri a ku America atalowa pa Xiaohongshu, tsamba la mchezo la ku China, poopa kuti TikTok itsekedwa kwawo, ena anamva za Li Hua n'kuyamba kumuyankha makalata ake, ndipo anthu a ku China ambiri analemba kuti misozi inalengeza. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ikuonetsa kuti anawo nthawi yonseyi ankafuna wolankhula naye.

Chachiwiri ndi chimene ndimachiyamikira kwambiri pa pepalali. Mwana amapatsidwa nkhani yosamaliza, amapatsidwanso chiganizo choyamba cha ndime ziwiri, ndiye amalize yekha ndi mawu pafupifupi 150. Malikisi ake ndi 25. Chigawo cha Zhejiang ndicho chinayamba kayesedwe kameneka mu 2016, kenako kanafalikira. Chimangirizo cha mutu wodziwika mwana angathe kuchiloweza usiku n'kukachikhuthula m'mawa, koma nkhani imene sanaionepo sangaimalize asanaimvetse. Aphunzitsi ena apezabe njira yophunzitsa ziganizo zolowezeratu za dzuwa likulowa ndi mitima ikugunda, koma ngakhale zili choncho wosamva nkhaniyo amagwidwa.

Ubwino wa gaokao ndi woonekeratu. Ndalama zolembetsera n'zochepa moti mwana wa mlimi wa ku Gansu ndi mwana wa mkulu wa kampani amakwanitsa onse. Ochonga saona dzina la mwana. Pa kuwerenga ndi galamala, amene wapeza malikisi 130 ndiye kuti anagwiradi ntchito, musamupeputse. Maziko amenewo ndi enieni, ndipo mwana wotero akapeza womulankhulitsa sachedwa kumasuka.

Kuipa kwake kuli pakamwa. M'zigawo zambiri kulankhula sikulowa m'malikisi 150 aja. Kuli mayeso olankhula apadera amene amalemba okhawo ofuna kukaphunzira zilankhulo ku yunivesite, ndipo sawonjezera kanthu pa malikisi onse. Kwa zaka zambiri zigawo zina sizinkawerengera ngakhale malikisi a kumvetsera. Madera olemera ndiwo asintha: Shanghai inayamba mu 2017 kupereka malikisi 10 pa mayeso a pa kompyuta okhudza kulankhula, Beijing kuyambira 2021 imapereka 50 pa kumvetsera ndi kulankhula pamodzi, ndipo Guangdong nayo ili ndi mayeso otere kwa zaka zoposa khumi. Chifukwa chimene ena akuchedwera n'chomveka. Kuyesa pakamwa pa ana mamiliyoni kumafuna makompyuta ndi zipinda zabwino, ndipo mwana wakumudzi amene sanamvepo mzungu akulankhula angaponderezedwe ndi mnzake wa m'tauni amene analeredwa ndi aphunzitsi akunja. Ndiye boma lasankha chilungamo cha pepala, ndipo mtengo wake ndi mtsikana uja wozyolika.

Palinso zinthu ziwiri zofunika kudziwa. Ku Zhejiang ndi ku Shanghai mwana amaloledwa kulemba Chingerezi kawiri pachaka n'kutenga malikisi apamwamba, zomwe zimachepetsa mantha a tsiku limodzi koma zimatalikitsa nyengo ya nkhawa. Chinanso, chilankhulo chakunja pa gaokao sikuti ndi Chingerezi chokha. Mwana angasankhe Chijapani, Chirasha, Chifalansa, Chijeremani kapena Chisipanishi, ndipo ambiri amene Chingerezi chawakanika amathawira ku Chijapani popeza zilembo zina n'zofanana ndi zawo. Zimathandiza pa malikisi, koma maphunziro ena a ku yunivesite amafuna Chingerezi, ndiye osathamangira musanafunse.

Kwa mwana amene adzaphunzira m'mayunivesite a ku China komweko, gaokao ndi yokwana pa nkhani ya khomo. Ngakhale mayunivesite ophunzitsa m'Chingerezi monga University of Nottingham Ningbo China, yomwe inatsegulidwa mu 2004, ndi Xi'an Jiaotong-Liverpool University ya mu 2006, amatenga ana a ku China kudzera pa gaokao, kungoti amayang'anitsitsa malikisi a Chingerezi paokha. Kumulipirira mwana wotere mayeso akunja ali m'chaka chomaliza ndi kumusenzetsa katundu wachabe.

Mayeso a Cambridge, amene ankagulidwa ngati mayunifolomu

Mukamva kholo la ku China likunena KET, PET kapena FCE, likunena mayeso a Cambridge amene masiku ano amatchedwa A2 Key, B1 Preliminary ndi B2 First. Onse ali ndi mtundu wokonzera ana asukulu, wokhala ndi nkhani za msinkhu wawo monga masewera, anzawo ndi tchuthi. Amayesa maluso onse anayi. Pa kulankhula ana amalowa awiriawiri pamaso pa oyesa awiri, wina amafunsa, wina amangomvetsera n'kumachonga, ndipo anawo amayenera kukambirana okhaokha. Pa mayeso onse amene ndikuwayerekeza pano, awa ndi amene amafanana kwambiri ndi kucheza kwenikweni kwa ana. Satifiketi yake simatha ntchito.

Koma mbiri yake ku China ili ndi chipsera. M'madera ngati Haidian ku Beijing makolo anasandutsa KET ndi PET kukhala tikiti yopezera malo ku chuzhong yabwino. Ana a zaka 8 ndi 9 ankalembetsedwa mayeso okonzera ana okulirapo, malo ankatha intaneti ikangotsegulidwa, ena ankakwera ndege kukalembera ku mzinda wina. Mu March 2021 bungwe loyendetsa mayeso la unduna wa zamaphunziro linalengeza kuti lasiya kuyendetsa mayesowa. Mu July chaka chomwecho kunabwera lamulo lotchedwa shuangjian, lochepetsa ntchito yakunyumba ndi maphunziro apadera olipira, ndipo makampani akuluakulu ngati New Oriental anatseka makalasi awo ambiri a ana. Mayesowa akupezekabe kudzera m'malo ovomerezedwa ndi Cambridge, koma sukulu za boma siziloledwa kusankhira ana pa masatifiketi otere.

Maganizo anga ndi akuti zimenezi zawabwezera mayesowa pa ntchito yake yoyenera. Kwa mwana wa zaka 13 mpaka 15, B1 Preliminary ndi kalilole wabwino: imakuuzani padera mmene alili pa kuwerenga, kulemba, kumva ndi kulankhula. Kholo lofuna kudziwa zoona, osati lofuna chopachika pakhoma, lipindula nayo. B2 First imafuna mwana wolimba, ndipo mayunivesite ambiri akunja amafuna mlingo wopitirira pamenepo, monga C1 Advanced.

TOEFL Junior ili m'gulu lomweli la mayeso a ana. Ndi ya azaka 11 kupita m'tsogolo, malikisi ake amayambira 600 kufika 900, ndipo pepala lake lodziwika limayesa kumvetsera, galamala ndi kuwerenga. Imathandiza ofuna sekondale za ku America kapena makalasi a maphunziro akunja m'sukulu za ku China. Kwa wina aliyense ikungobwereza zimene mayeso a kusukulu akuyesa kale.

IELTS ndi TOEFL, za amene akutuluka

Mwana akatsimikiza kuti akupita kunja, nkhani imasintha. Mayunivesite ambiri a ku Australia ndi ena a ku Britain, monga Birmingham, amalandira zotsatira za gaokao ngati umboni wa maphunziro, koma pa Chingerezi kawirikawiri amafunabe umboni wina. Apa ndi pamene mabanja amagwira mutu posankha pakati pa IELTS ndi TOEFL.

IELTS inayamba mu 1989 ndipo eni ake ndi British Council, IDP ya ku Australia ndi Cambridge. Imatenga maola awiri ndi mphindi 45. Kumvetsera kuli ndi mafunso 40, kuwerenga mafunso 40 pa ola limodzi, kulemba ndi ola limodzi la ntchito ziwiri, ina ya mawu osachepera 150 yofotokoza chithunzi cha ziwerengero, ina ya mawu osachepera 250 yotsutsana pa mutu. Kulankhula ndi mphindi 11 mpaka 14 ndi munthu weniweni. Malikisi amafika pa 9, ndipo mayunivesite ambiri amafuna 6.0 mpaka 7.0, kawirikawiri 6.5, ndi lamulo lakuti pasakhale gawo lotsika kwambiri. Lamulo limenelo ndi limene limagwetsa ana a ku China. Chaka ndi chaka malikisi awo a kuwerenga amakhala pamwamba, a kulankhula ndi kulemba pansi. Mwana amapeza 7.5 pa kuwerenga, 5.5 pa kulankhula, malo osapatsidwa.

Pokonzekera, ana ambiri amaloweza mayankho a mitu imene anzawo anafunsidwa kale. Oyesa amazidziwa zimenezi. Akangomva mwana akuyimba ngati ndakatulo, amatembenuza funso, ndipo wolowezayo amathera pomwepo. Kwa ine apa ndi pamene pali phindu la IELTS: ndi mayeso amene amakakamiza mwana kuchita chimene gaokao sinamupemphe, kuyang'ana munthu m'maso n'kunena maganizo ake. Kwa mwana wamanyazi ndi mphindi zowawa, koma ku Manchester kapena ku Melbourne akakumana ndi zomwezo tsiku loyamba.

TOEFL ndi ya bungwe la ETS la ku Princeton, ku America. Inayamba mu 1964 ndipo inafika ku China mu 1981, moti kwa makolo ambiri dzinali ndi limene limatanthauza "kupita kunja". Yonse imalembedwa pa kompyuta, ndipo kulankhula kumakhala kolankhulira m'maikolofoni, m'chipinda momwe anzako akulankhulanso. Ana ena zimenezi zimawamasula chifukwa palibe nkhope yowayang'ana, ena phokoso la anzawo limawabalalitsa. Kwa zaka zambiri malikisi anali 0 mpaka 120, gawo lililonse 30, ndipo mayunivesite apamwamba a ku America ankayembekezera 100. Mu July 2023 mayesowa anafupikitsidwa kufika pa maola osakwana awiri, ndipo mu January 2026 anasinthidwanso, malikisi n'kukhala a 1 mpaka 6. Chenjezo langa ndi ili: mabuku okonzekera akale adzaza m'masitolo ndi pa intaneti, ndiye onetsetsani kuti buku limene mwana akuwerenga ndi la mayeso amene akalembe.

Pa mtengo awiriwa sasiyana kwenikweni, onse ali cha m'ma yuan 2,000, ndalama za ku China, pa ulendo umodzi, ndipo ochepa ndi amene amakhoza ulendo woyamba. Onjezanipo maphunziro okonzekera, thiransipoti ndi malo ogona kwa amene amakhala kutali ndi mzinda wolembera. Zotsatira za onse awiri zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Mfundo imeneyi makolo ambiri amaiphonya. Amalembetsa mwana wa zaka 14 kuti "ayambiretu", koma pofika nthawi yofunsira malo pepalalo latha ntchito. Eni ake a IELTS amanenanso kuti mayesowa si oyenera ana osakwana zaka 16, chifukwa mitu yake ndi ya akuluakulu. Kumufunsa mwana wa zaka 13 maganizo ake pa za misonkho kapena kukalamba kwa anthu m'dziko ndi kuyesa msinkhu wake, osati Chingerezi chake.

Nanga asankhe uti? Wopita ku Britain, Australia kapena New Zealand ndimamulangiza IELTS, ndipo wopita ku Britain kukayamba ndi maphunziro okonzekera yunivesite afunse ngati akufunika mtundu wapadera wa viza wotchedwa IELTS for UKVI, chifukwa ambiri alipira kawiri pa kulakwitsa kumeneku. Wopita ku America, TOEFL ndi yozolowereka kumeneko. Koma popeza mayunivesite ambiri tsopano amalandira onse awiri, chimene chimagamula ndi chibadwa cha mwanayo. Mulembetseni mayeso oyeserera amodzi a mtundu uliwonse, muone pamene akupuma bwino. Mtsikana ndinamutchula uja anasankha IELTS ngakhale ankaopa munthu, chifukwa anazindikira kuti woyesa akamugwedezera mutu mawu ankabwera, pamene pa maikolofoni ankangouma.

Duolingo ndi PTE

Duolingo English Test inatchuka mu 2020, malo olembera mayeso atatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Umalembera kunyumba pa kompyuta yokhala ndi kamera, imatenga pafupifupi ola limodzi, zotsatira zimabwera m'masiku awiri, ndipo mtengo wake sufika madola 100. Malikisi ndi 10 mpaka 160. Mafunso amasintha malinga ndi mmene ukuyankhira, ukakhoza amalimba, ukalakwa amafewa. Kwa banja la m'tauni yaing'ono limene silingakwanitse IELTS katatu, iyi ndi njira yeniyeni, ndipo mayunivesite ambiri a ku America amailandira.

Koma safunsa anadya phula. Si yunivesite iliyonse imene imailandira, ena amailandira pa maphunziro ena okha, ndipo siili pa mndandanda wa mayeso ovomerezeka pa viza ya ku Britain. Malamulo a kamera ndi okhwima: kuyang'ana kumbali nthawi yaitali, munthu kulowa m'chipinda, kapena intaneti kuduka kungachititse kuti zotsatira zisatuluke. M'nyumba yopanikizana ya m'tauni momwe agogo ndi ana aang'ono ali pomwepo, limeneli ndi vuto. Ndipo mwana amene walowa ndi Duolingo asadzinamize kuti wakonzeka kulemba chimangirizo cha masamba khumi, popeza zolemba za m'mayesowa n'zazifupi.

PTE Academic ya kampani ya Pearson ndi ya pa kompyuta koma yolembera ku malo a mayeso, malikisi 10 mpaka 90, ndipo ofuna ku Australia amaikonda. Ana amene IELTS yawakaniza pa kulemba amayesa mwayi kumeneko.

Kulumikiza miyeso

Makolo amafunsa kawirikawiri kuti malikisi 120 a gaokao ndi angati pa IELTS. Palibe masamu olunjika, chifukwa mayeso awiriwa sayesa zofanana. Chimene chilipo ndi muyeso wa dziko wotchedwa China's Standards of English Language Ability, umene unduna wa zamaphunziro unatulutsa mu 2018. Uli ndi masitepe 9, ndipo womaliza gaozhong amayembekezeka kukhala cha pa sitepe 4. Mu 2019 muyesowu unalumikizidwa ndi IELTS, ndipo sitepe 4 inafanana ndi 4.5, sitepe 6 ndi 6.0. Apa mpata ukuoneka poyera. Mwana amene wakwaniritsa zimene sukulu ya boma ikufuna ali cha pa 4.5, pamene yunivesite yakunja ikufuna 6.5. Wokhoza kwambiri amakhala pamwamba pa pamenepo, koma kwa ambiri mpatawo sungatsekeke pa tchuthi cha miyezi iwiri chotsatira gaokao, ngakhale otsatsa maphunziro alonjeze motani.

N'chifukwa chake banja liyenera kugamula msanga, makamaka m'chaka choyamba cha gaozhong. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndaonapo ana akuyesa kukonzekera gaokao ndi IELTS pamodzi m'chaka chomaliza, chaka chimene amalowa m'kalasi kusanache n'kutuluka cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo zonse ziwiri zinawapulumuka. Amene akufuna kusunga makomo onse awiri alembe IELTS kapena TOEFL m'chaka chachiwiri, chakumapeto, kuti zaka ziwiri zija zifike pa nthawi yofunsira malo, kenako chaka chomaliza achisiyire gaokao.

Mayeso amene sagulitsidwa

Pali njira ina imene palibe kampani imaitsatsa, ndipo ndi imene ndinayamba nayo ndi mtsikana uja. Kamodzi pamwezi mphunzitsi kapena wina wodziwa Chingerezi akhale ndi mwana mphindi zisanu, amufunse za moyo wake, ajambule mawu pa foni. Osamukonza akulankhula. Pambuyo pake amvetsere limodzi, awerenge kuti mwanayo anayima kangati, anatha kufunsanso funso ngati sanamve, anagwiritsa ntchito mawu angati atsopano. Asunge zojambulazo. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi amumveretse ya mwezi woyamba.

Njirayi ilibe satifiketi ndipo palibe yunivesite imene ingailandire. Mphunzitsi wa kalasi la ana 50 sangaikwanitse kwa aliyense mwezi uliwonse, ngakhale angathe kuwaika awiriawiri kuti azijambulana. Koma kwa kholo limene funso lake ndi lija lakuti "amachidziwa kapena sachidziwa", imayankha bwino kuposa mayeso a mwezi ndi mwezi a kusukulu, amene amangotengera pepala la gaokao. Ndikanakonda aphunzitsi anzanga a ku Malawi ataiyesanso ndi ana a Folomu 3, popeza nafenso mayeso athu a MSCE samufunsa mwana kutsegula pakamwa.

Mtsikanayo pa kujambula koyamba analankhula masekondi osakwana 40 pa mphindi zisanu zonse. Pa kwachisanu ndi chimodzi ndinachita kumudula, akundifotokozera mmene agogo ake amakulungira madampulingi, timikate tokutira nyama kapena masamba mkati, pa chikondwerero cha chaka chatsopano, ndi chifukwa chake amabisa kakhobidi mu limodzi mwa iwo. IELTS anailemba patapita miyezi itatu kuchokera pamenepo, chakumapeto kwa chaka chake chachiwiri, ndipo pa kulankhula anapeza 6.0.